Kuyeretsa mano ndi mankhwala: dziwani izi musanatulutse ndalama

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma m'boma la Kasungu, ndalama zimayamba kuyenda m'matumba ndipo amalonda sagona. Pakati pa zotsatsa zomwe zimafika pa foni yanu kudzera pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp, mwina mwaonapo timabotolo ndi timapepala tomata pa mano tomwe akuti timayeretsa mano m'masiku ochepa. Ena amanyadira kuti mankhwala awo ndi amakono chifukwa muli chofulumizitsa ntchito. Nkhani ya chofulumizitsayi ilipodi m'kafukufuku, koma siyikuchotsa kufunika koti wa zachipatala ayambe waona m'kamwa mwanu.

Mankhwalawa amagwira bwanji ntchito?

Madokotala a mano amagwiritsa ntchito hydrogen peroxide kapena mbale wake carbamide peroxide. Mankhwalawa akapakidwa, amalowa m'chikuto cholimba cha dzino, chomwe amati enamel, n'kukaphwanya tizinthu tomwe tadetsa dzinolo. Carbamide peroxide wa 10 peresenti amatulutsa hydrogen peroxide wokwana pafupifupi 3.5 peresenti, pomwe wopaka dokotala mwini wake kuchipatala amatha kufika 35 kapena 40 peresenti.

Vuto lake n'lakuti mankhwalawa sathera pamwamba. Ena amapyola mpaka pakati pa dzino, pomwe pali mitsempha yamoyo. N'chifukwa chake anthu ambiri akayeretsa mano amamva kuwawa akamwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha, ngakhale nthawi zambiri ululuwo umatha pakapita masiku ochepa. Mankhwala amphamvu akakhudza nkhama amaziotcha.

Nanga chofulumizitsacho n'chiyani?

Ganizirani za chimera mu thobwa. Phala lingakhale lambiri, koma chimera chochepa ndicho chimalisungunula n'kulitsekemeretsa. Ma catalyst amachitanso chimodzimodzi: ndi tizinthu tochepa tomwe timachititsa kuti peroxide aphwanyike msanga n'kugwira ntchito yake akadali pafupi ndi pamwamba pa dzino. Akatswiri, makamaka a m'mayunivesite a ku Brazil, akhala akuyesa zinthu monga manganese, iron, titanium dioxide komanso enzyme yotchedwa peroxidase.

Cholinga chawo n'choti dzino liyere ndi mankhwala ochepa mphamvu, komanso kuti otsalira okafika ku mitsempha achepe. Zotsatira zake n'zopatsa chiyembekezo, koma zambiri mwa izo zachokera mu labotale, komwe amayesera pa mano ozulidwa kale ndi pa maselo osungidwa m'timbale. Kafukufuku wotere sakutsimikizira kuti botolo lililonse lolembedwa mawu akuti catalyst n'lotetezeka. Kanyali ka buluu komwe ena amaunikira pa mano nakonso kasakukopeni: atawunika kafukufuku wosiyanasiyana, akatswiri anapeza kuti sikawonjezera kuyera kwenikweni pa mankhwala amphamvu.

Chadetsa mano anu n'chiyani?

Ili ndi funso lofunika kuposa dzina la mankhwala. Ngati mumasuta chingambwe kapena ndudu, mumaika fodya wopera m'kamwa, kapena mumakonda tiyi wakuda, kudako nthawi zambiri kumakhala pamwamba. Wa zachipatala akhoza kupala ndi kutsuka manowo popanda peroxide, koma mukapitiriza fodya kudako kumabwerera.

Mawanga oyera ngati choko kapena ofiirira omwe munakula nawo akhoza kukhala ochokera ku madzi okhala ndi fluoride wochuluka. Izi zimachitika mano akamapangika, mwana asanapitirire zaka 8. Bungwe la WHO limalangiza kuti fluoride asapyole mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi akumwa, ndipo kafukufuku anapeza mijigo yopyola mlingowu m'madera ena monga Nathenje ku Lilongwe, Machinga ndi Chikwawa. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride. Mawanga amenewa ali m'kati mwa enamel, choncho peroxide payekha sawathetsa nthawi zonse.

Dzino limodzi likada lokha, makamaka mutagwa kapena kumenyedwa, mwina mtsempha wake unafa. Likabooka, peroxide amapeza njira yachidule yokafika ku mitsempha ndipo ululu umakula. Dziwaninso kuti mano oikirira ndi zomatira pobooka siziyera ndi mankhwalawa.

Ndani ayenera kukupakani?

Mayiko a European Union anakonzanso lamulo mu 2011. Kumeneko, mankhwala ogula aliyense m'sitolo sayenera kupyola 0.1 peresenti ya hydrogen peroxide. Oyambira pamenepo kufika 6 peresenti amadzera kwa dokotala wa mano, ndipo saloledwa kwa ana osakwana zaka 18. Botolo lomwe mwagula pa foni lopanda mlingo wolembedwa silikukuuzani kuti lili mbali iti.

Kuno kwathu, madokotala a mano ndi ma dental therapist amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Akadali ochepa, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences. Kuchepa kwa akatswiriku ndi komwe kumapatsa mpata ogulitsa a pa intaneti. Salon yokonza tsitsi ndi zikhadabo si malo opakira peroxide wamphamvu m'kamwa.

Muchite chiyani?

Yambani mwapimitsa mano pa chipatala cha boma, monga cha Kasungu, kapena kwa dokotala wa mano wolembetsedwa. Mano obooka ndi nkhama zotuluka magazi zithandizidwe kaye. Funsani dzina la mankhwala, mlingo wake, ndi momwe atetezere nkhama zanu. Ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa, dikirani.

Pewani kukwecha mano ndi makala, phulusa kapena mandimu osakaniza ndi soda. Zimenezi zimaperepesa enamel, ndipo akatha sameranso. Chomwe chimatsala poyera ndi gawo lam'kati lomwe n'lachikasu, kotero mano amaoneka oderapo kuposa kale. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo ululu ukapitirira masiku angapo mutayeretsa, siyani mankhwalawo mupite kuchipatala.