Maso ndi a ana athu, kampani ikhalenso yathu

Ku Mbamba Bay, ku Liuli ndi ku Lituhi, mwana akakomoka ndi malungo, dokotala amafunika kudziwa msanga ngati ndi malungo a mu ubongo kapena matenda ena. Yankho lili m'maso mwa mwanayo. Mu 1993 Susan Lewallen ndi anzake ku Blantyre anaonetsa kuti malungo amenewa amasiya zizindikiro mkati mwa diso. Mu 2008 makina a MRI anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo mu 2015 gulu la Terrie Taylor wa ku Michigan State University linalengeza kuti ana ambiri omwalira ndi malungowa amakhala atatupa ubongo.

Nanga kampani imene inapanga pulogalamu ya kompyuta yowerenga zithunzi za masowo ili kuti? Ndi VisionQuest Biomedical, ya ku Albuquerque ku America. Sindikunena kuti anaba. Anaona msika umene ife tinauyang'ana ndi manja m'thumba. Mlandu ndi wathu. Mayunivesite athu amakondwa dzina likatuluka m'magazini a sayansi, pulofesa n'kukwezedwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ena amati kafukufuku wa matenda asasanduke malonda. Koma pepala silikwera basi ya ku Songea kutsika mapiri a Mbinga kukafika kunyanja. Chipangizo chimafuna wochipanga, wochigulitsa, ndi wochikonza chikafa. Ameneyo ndi kampani. Ikakhala kutsidya kwa nyanja zamchere, mtengo umakhala wa madola, ndipo chikawonongeka chimagona m'kabati. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ena amati tilibe luso. Limaphunziridwa. Mu 2017 Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo madroni ku Kasungu, ndipo mu 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kujambula kuchokera m'mwamba, mogwirizana ndi Virginia Tech komanso yunivesite ya MUST. Wophunzira kuwerenga chithunzi cha munda angalephere bwanji cha diso?

Tsono nazi zofuna zathu. Yunivesite iliyonse, ya ku Tanzania kapena ya ku Malawi, isasaine pangano la kafukufuku lopanda kunena mwini zithunzi ndani, ndi gawo limene lidzabwerere kwathu malonda akayamba. Mphunzitsi woyambitsa kampani apatsidwe nthawi, asayesedwe wothawa ntchito. Maunduna a zaumoyo akhale ogula oyamba, chifukwa kampani yopanda wogula imafa isanakwawe. Ndipo chipangizo chiyesedwe kaye m'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Nyasa, kumene magetsi ndi intaneti n'zosadalirika. Chikagwira ntchito kumeneko, chigwira paliponse.

Makolo amene analola kuti ana awo ajambulidwe ali chikomokere sanachitire kuti wina akwezedwe pantchito. Ankafuna kuti mwana wotsatira apulumuke. Ngongole imeneyo idzabwezedwa tsiku limene kamera yowunika maso, ya mtengo umene boma lingakwanitse, idzafike m'manja mwa namwino wa ku Liuli.