Cifundo Sicidikira Kuti Kunja Kuce

Abale anga, ku Mont-Tremblant m'dziko la Canada, kuyambira caka ca 2001, anthu amasonkhana m'magulu mwezi wa Disembala. Amatsetsereka mosinthana paphiri lokutidwa ndi cipale cofewa, usana ndi usiku, kwa maola 24. Ndalama zimene amasonkhetsa zimathandiza ana, ena mwa iwo odwala khansa.

Nyengo imeneyo njaukali. Namondwe akabuka pamapiri otere, mphepo imagwedeza mipando yolendewera pazingwe yokwezera anthu pamwamba, ndipo oyang'anira amaimitsa makina kuti apulumutse miyoyo. Koma zopereka siziima, pakuti maguluwo amayamba kupempha thandizo tsikulo likali kutali.

Matenda a mwana sasankha nyengo. Nanga ife tidikiriranji zokolola zabwino tisanathandize mwana wodwala mu mphakati mwathu?