Safunsa anadya phula

Amene anafulapo njuchi m'mapiri a ku Chifunde amaudziwa bwino mwambi woti safunsa anadya phula. Uchi umakhala m'chisa, ndipo phula lili ndi ntchito yake, pakuti popanda ilo uchiwo ungatayikire pansi. Komabe wotafuna chisa amameza uchi n'kulavula phula. Chikhristu chinatifika chimodzimodzi: Mawu a Mulungu ali m'kati, koma akutidwa ndi zizolowezi za amene anawabweretsa komanso malamulo a amene akutitsogolera lero. Kuchokera ku Mualadzi mpaka kuchipata cha Cassacatiza mipingo yachuluka, uliwonse ndi zoletsa zake. Kwina mbewa n'zodetsedwa, kwina kulima fodya n'tchimo, kwina mayi wopanda duku salowa, ndipo onse amayamba ndi mawu amodzi akuti "Mulungu wati". Ine ndikuti mkhristu aliyense ali ndi udindo wofunsa kuti zalembedwa pati, nanga wanena ndani.

Mbiri ya mpingo m'chigawo chathu chino ikundichitira umboni. Agogo athu a Katolika ankamva Misa m'Chilatini, ng'oma ili kutali ndi khomo la tchalitchi chifukwa amishoni ambiri ankaiona ngati chinthu chakudambwe. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, wa 1962 mpaka 1965, unatsegulira njira zinenero za eni nthaka. Lero m'Dayosizi ya Tete ng'oma imalira pa chopereka, amayi akuvina ndi malichero a chimanga pamutu, nthungululu zili wawawa. Kodi Mulungu anasintha maganizo mu 1965? Anasintha ndi anthu, atazindikira kuti chimene ankachitcha chiyero chinali chizolowezi cha kwawo. Panalinso zowawa kuposa izi. Pangano la 1940 la pakati pa Portugal ndi Vatican linamangiriza mpingo ku boma la atsamunda, moti mwana wakuda ankaphunzira katekisimu pamodzi ndi kugonjera Mpwitikizi, ngati zonse n'zochokera kumwamba. Ansembe a White Fathers anachoka m'Mozambique mu 1971 pokana zimenezi, ndipo ansembe a Burgos ndi amene anasonkhanitsa umboni wa anthu ophedwa ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972. Amenewa anakana kuti mawu a boma ayesedwe mawu a Mulungu, ndipo lero palibe amawatcha opanduka.

Baibulo lenilenilo silibisa kusiyanaku. Pa Marko 7 Yesu anadzudzula atsogoleri amene ankalola munthu kumana makolo ake thandizo ponamizira kuti chumacho wachipereka kwa Mulungu. Pa 1 Akorinto 7 Paulo, polangiza za ukwati, anasiyanitsa lamulo la Ambuye ndi uphungu wake monga munthu. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'Malemba zimene Pauloyo ankalalikira. Ngati mtumwi analola kufufuzidwa, mneneri wa m'mudzi mwathu akuopanji? Buku Lopatulika lilipo m'chinenero chathu kuyambira 1922, ndipo silinabwere kuti lizikhala m'chikwama cha mlaliki yekha.

Ena adzandiyankha ndi mwambi wina, kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo aliyense akayamba kudzimasulira Malemba mipingo ing'ambikang'ambika kuposa mmene ililimu. Nkhawa imeneyi siyachabe. Mpingo wopanda malamulo sungaime: pafunika nthawi yopembedzera, yunifolomu ya amayi, dongosolo la ubatizo ndi la maliro. Malamulo oterewa aulemu awalemekeze. Chimene ndikukana n'kuwaveka dzina la Mulungu, chifukwa lamulo la mpingo anthu angalikambirane n'kulikonza, pamene chotchedwa lamulo la Mulungu chimatseka pakamwa aliyense. Kufunsa kumene ndikunena sikwa munthu mmodzi wodzimva, pajatu mutu umodzi susenza denga. Kuchitike pagulu, m'miphakati ndi m'misonkhano ya akulu a mpingo, buku lili chitsegulire. Amene sadziwa kuwerenga, ndipo alipo ambiri kumidzi kuno, mdzukulu wapasukulu awawerengere mutu wonse osati vesi limodzi lothyoledwa pakati. Chimene Akatolika, a Reformada ndi a Pentekoste onse amachipeza m'bukumo, monga kukonda mnzako, kusaba ndi kusapha, chili pamaziko olimba. Chimene wachimva munthu mmodzi yekha usiku kuphiri chiyenera kuyesedwa kawiri.

Nkhaniyi imafika mpaka kumanda. Mu 2022 poliyo anapezekanso mwa ana m'chigawo cha Tete patatha zaka 30, ndipo chaka chomwecho chikuku chinapha ana oposa 700 ku Zimbabwe, ambiri a iwo osabayidwa katemera, ena chifukwa mipingo ya makolo awo imaletsa mankhwala a kuchipatala. Makolowo sankada ana awo. Ankaopa kuchimwira Mulungu. Chikhalirecho m'Baibulo mulibe lamulo loletsa katemera, ndipo Luka, mnzake wa Paulo, anali sing'anga. Mtsogoleri amene akuletsa madontho awiri a katemera wa poliyo pakamwa pa khanda atsegule buku pamaso pa mpingo wonse, aloze pamene palembedwa. Akalephera, avomere poyera kuti ndi maganizo ake, mayi abereke mwana wake apite naye kuchipatala.