Chikuto cha trabalho chizinena zoona, zokongoletsa zitsale

Nyengo yopereka ma trabalho, ntchito zolemba za kusukulu, ikafika m'boma la Lago, nkhawa ya wophunzira imayambira pa masamba awiri oyamba, capa ndi folha de rosto. Ana a sekondale ku Metangula, ngakhalenso aphunzitsi a ku Cóbuè ndi ku Maniamba amene akuphunzira digiri ali pantchito, amataya nthawi ndi ma meticais pofunafuna chizindikiro cha sukulu chautoto, mizere yamaluwa m'mbali, pulasitiki pamwamba ndi waya wopota womangira mapepala. Masamba amenewa ndi ofunika ndithu, koma tikuwalemekeza pa chifukwa cholakwika. Ntchito ya chikuto ndi kunena zinthu zinayi: walemba ndani, walemba za chiyani, kuti, ndiponso liti. Zoposa pamenepa ndi msonkho umene tikukhometsa mwana wa msodzi popanda phindu.

Umboni uli m'malamulo omwewo amene timawaopa. Kalembedwe ka APA, kamene mayunivesite angapo m'Mozambique muno amatsatira, kanayamba mu 1929 ngati nkhani ya masamba 7 m'magazini ya Psychological Bulletin ku America, ndipo cholinga chinali kupeputsa ntchito ya akonzi ndi owerenga. Pamene eni ake anatulutsa buku lawo lachisanu ndi chiwiri mu 2019, anasiyanitsa pepala la wophunzira ndi la katswiri. Wophunzira anamuchotsera running head, kamutu ka zilembo zikuluzikulu zosapitirira 50 kamene kamakhala pamwamba pa tsamba lililonse, pokhapokha mphunzitsi atakafuna. Anamusiyira nambala ya tsamba pamwamba kumanja, ndipo pa tsamba loyamba mutu, dzina, sukulu, phunziro, mphunzitsi ndi tsiku. Kamutu kaja kanapangidwira nkhani zopita ku magazini, kumene dzina la mlembi limabisidwa kwa owunika ndipo masamba amafuna chizindikiro china chowadziwira. Ngati eni malamulo anaona kuti wophunzira wa ku Chicago, amene ali ndi kompyuta yakeyake, safunika katundu ameneyu, n'chifukwa chiyani ife timusenzetse wa ku Lunho amene amalipira tsamba lililonse kwa mwini makina?

Chimene tiyenera kulimbira mtima ndi mutu weniweni wa trabalho, chifukwa m'menemo ndi mmene boma lathu limasowera. Pansi pa chikuto pamalembedwa mzinda umene uli sukulu. Wa ku UniRovuma, yunivesite imene inakhazikitsidwa mu 2019 ndipo likulu lake lili ku Nampula, adzalemba Lichinga, kumene kuli nthambi yake. Wophunzira patali ndi Universidade Católica de Moçambique adzalemba mzinda umene amalembetsera. Palibe cholakwika pamenepo, koma zikutanthauza kuti mutu ukangonena za usodzi wa usipa kapena za kusiya sukulu kwa atsikana popanda kutchula Meluluca, Messumba kapena Cóbuè, munthu wofufuza m'nyumba ya mabuku kapena pa intaneti sadzadziwa kuti ntchitoyo inachitikira kuno. Kuyambira mu 2011, pamene mbali ya Mozambique ya nyanja ya Niassa inakhala malo otetezedwa ndi kulowa m'ndandanda wa Ramsar, akuluakulu a boma ndi mabungwe amafuna zolembedwa za nsomba ndi za anthu a m'mbali mwa nyanja. Monografia ya mphunzitsi wa kuno ingawathandize, itapezeka. Ndiye pali nkhani ya kalembedwe ka maina a malo: zolemba zakale za amishoni a UMCA zili ndi Msumba ndi Kobwe, za boma zili ndi Messumba ndi Cóbuè. Wolemba asankhe kalembedwe kamodzi pa chikuto, atchule kachiwiriko m'mawu oyamba, kuti wofufuza wa ku Likoma ndi wa ku Maputo onse afike pakhomo pomwepo.

Maina a alembi nawonso afuna chilungamo. Pa trabalho ya pagulu, chikuto chimanyamula maina asanu pamene ena anangosonkha ndalama yosindikizira. Mphunzitsi amene amayeza m'mbali mwa pepala ndi rula koma osafunsa kuti gawo ili analemba ndani, wayang'anira chosafunika n'kusiya chofunika. Nambala ya tsamba ndiyo sindingalole kuti isowe, pakuti mapepala oyenda pa chapa kapena pa boti amamasuka, ndipo woika malikisi ayenera kuwabwezera m'malo mwake.

Ena adzati malamulo okhwima a chikuto amaphunzitsa mwambo, ndipo mwana amene sanazolowere ku sekondale adzavutika ku yunivesite. Mfundo imeneyi ili ndi mbali yoona, chifukwa kufanana kwa mapepala kumathandiza mphunzitsi amene ali ndi mulu wa ma trabalho. Koma kufanana sikufuna utoto kapena pulasitiki. Tsamba limodzi la inki yakuda, ngakhale lolemba pamanja mosamala, lingathe kukhala ndi mizere yomweyo m'malo omwewo. Ndiponso mwambo umene tikuti tikuphunzitsawo nthawi zambiri sufika kwa mwana: chikuto amachipanga ndi mnyamata wa pamakina, amene amatsegula chakale n'kusintha dzina, mwina n'kuiwala chaka. Enanso adzati chikuto chokongola chimasonyeza ulemu kwa mphunzitsi. Ulemu wotere umagulidwa, ndipo amene ali pafupi ndi tauni amaupeza motchipa kuposa amene ayenera kulipira ulendo.

Sukulu iliyonse ikhome pakhoma chitsanzo chimodzi cha chikuto, ilole capa ndi folha de rosto kukhala tsamba limodzi pa ma trabalho a m'kalasi, ndipo ilengeze poyera kuti pa malikisi 20 chikuto chimatenga angati. Malikisi amenewo apite kwa amene watchula mudzi, chaka ndi alembi enieni.