Nkhwangwa Yobwereka

Lachitatu lapitali tinakangana ku hositelo mpaka pakati pa usiku. Mnzanga wina wophunzira za makompyuta anati zilibe kanthu kuti tsamba la pa intaneti lapangidwa ndi chiyani, bola likhale lokongola ndipo lizigwira ntchito. Ine ndikuti limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo ndifuna kumuyankha pano, pamaso pa nonsenu.

Taganizani za Flash. Kwa zaka zambiri, munthu wofuna kuonera kanema kapena kusewera masewera pa intaneti ankayamba waika kapulogalamu kameneka mu browser yake. Mwini wake anali kampani imodzi yokha: poyamba Macromedia, kenaka Adobe, imene inagula Macromedia mu 2005. Aphunzitsi ndi ojambula m'maiko ambiri anathira thukuta kupangira ntchito zawo m'menemo. Tsono mu 2017 mwini nkhwangwa analengeza kuti aitenga. Pa 31 Disembala 2020 Adobe inasiya kusamalira Flash, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 kapulogalamuko kanayamba kukana kutsegula zinthu. Ku South Africa, bungwe lotolera msonkho la SARS linachita kutulutsa browser yakeyake kuti anthu athe kudzaza mafomu ena a msonkho. Boma lathunthu kusowa pogwira chifukwa kampani ya ku America yasintha maganizo!

Nanga HTML? Mu 1993 bungwe la CERN linapereka kwaulere kwa anthu onse luso la mawebusaiti limene Tim Berners-Lee anayambitsa. Malamulo ake ali poyera, ndipo aliyense angathe kuwawerenga ndi kupanga browser yowatsatira. N'chifukwa chake masamba a m'zaka zimenezo amatsegukabe lero. HTML5 itavomerezedwa ndi bungwe la W3C mu 2014, YouTube inayamba kuigwiritsa ntchito m'malo mwa Flash mu 2015, ndipo kanema sanaleke kuoneka.

Mnzangayo akuti Flash inali yosavuta kwa ojambula. Sindikana. Akutinso Steve Jobs, amene anadzudzula Flash m'kalata yake ya mu 2010, naye ankatchinjiriza malonda a Apple. Izinso n'zoona; fisi akanena mnzake kuti ndi wakuba sindiye kuti iyeyo wasanduka mbusa. Koma mlandu wanga suli pa ukoma wa Flash kapena pa mtima wa Jobs. Funso langa n'lakuti: kiyi ali ndi ndani?

Funsoli likutikhudza ife pano. Tikujambula nthano ndi nyimbo za agogo athu, tikulemba ndakatulo m'chinenero chimene makampani aakuluwa sachiwerengera. Zathu zikatsekeredwa m'pulogalamu ya mwini n'kufera momwemo, adzazipulumutse ndani? Aphunzitsi athu olemekezeka, ndi inu ophunzira anzanga, musanasunge ntchito yanu m'chinthu chilichonse chonyezimira, yambani mwafunsa ngati malamulo ake ali poyera. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Ya Flash inaguluka tikuona.