Mankhwala Ochepetsa Thupi Asatipusitse

M'madera a kunyanja mwafika malonda achilendo. Kuchokera pa boma la Mangochi mpaka ku Malindi, anthu ena akuyenda ndi timabotolo ta mapilitsi ndi timapaketi ta tiyi, ena akutsatsa pa WhatsApp, nanena kuti womwa zimenezi mimba yake idzaphwa m'masabata awiri. Ogula si asodzi ayi, pakuti munthu wochezera kupalasa bwato ndi kukoka chilimira alibe mafuta oti achotse. Ogula ndife a m'maofesi, aphunzitsi ndi makalaliki, amene timatandala pampando, ndipo ngakhale ulendo wa pamsika timakwera kabaza.

Kunenepa kopitirira muyezo ndi vuto ndithu. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali olemera kuposa muyezo, ndipo kumeneko ndiko kumayambira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tidazolowera kuyamikirana kuti "mwanenepatu", makamaka m'zaka zija kuonda kunkachititsa munthu kunong'onedwa kuti ali ndi Edzi. Chizolowezi chimenecho chatipweteka.

Tsono tiwerenge bwino zolembedwa pa timabotolo timeneti. Kawirikawiri pamakhala mawu ang'onoang'ono onena kuti mankhwalawo amagwira ntchito munthu akamadya mosamala ndi kuchita masewero olimbitsa thupi. Nanga munthu akachepetsa nsima, nasiya zakumwa zashuga, nayamba kuyenda m'mawa uliwonse, thupi nkutsika, wagwira ntchito ndani? Walima ndi mwini munda, koma wotuta ulemu ndi ndalama ndi wogulitsa botolo.

Kukadakhala kutaya ndalama kokha, tikadangoseka. Ambiri mwa matiyi amenewa ali ndi masamba a senna amene amangotsegula m'mimba. Chimene chimachoka ndi madzi, osati mafuta, ndipo kutaya madzi m'thupi pa kutentha kwa Mangochi mwezi wa Okutobala si nkhani yamasewera. Choopsa china ndi sibutramine, mankhwala amene adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America m'chaka cha 2010 kaamba kowonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Kuyambira pamenepo akhala akupezeka atabisidwa m'mapilitsi olembedwa kuti ndi a zitsamba zokhazokha. Wodwala BP akamwa zotere akuputa dala tsoka.

Munthu wa ku Malindi sayenera kusaka zodabwitsa za kunja. Usipa, utaka ndi chambo ali nazo pakhomo. Azingowotcha kapena kuphika m'malo mozimiza m'mafuta. Chisoso, bonongwe ndi nkhwani zichuluke m'mbale kuposa mitanda ya nsima. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo mchenga wa m'mbali mwa nyanja sulipiritsa woyendapo.

Inu atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito m'boma, anthu amaonera kwa inu. Musalole kuti maofesi anu asanduke msika wa timabotolo timeneti. Wofuna kuchepetsa thupi ayambe wapita ku chipatala cha St Martin's kapena cha boma ku Mangochi, akayezetse sikelo, shuga ndi BP, amve uphungu wa adokotala. Ndipo wogulitsa mapilitsi afunsidwe chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Akalephera kuchionetsa, nkhani yake ikafike ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Mangochi.