Lamba wa Njinga Yamoto Aziyenda Mowongoka

Pa njinga zamoto zakale ngati Norton Commando, ambiri amachotsa tcheni cholumikiza injini ndi kilatchi n'kuikapo lamba wa mano. Lambayu safuna oyilo, koma amafuna kuti mapule ake awiri ayang'anane bwinobwino.

Injini ili yozima, tigoneke rula yachitsulo m'mbali mwa mapulewo. Ikasiya mpata, tisunthe giyabokosi pang'onopang'ono mpaka mpatawo uthe. Kenako tichotse mapulagi, tizungulitse injini ndi manja, tione ngati lamba sakuthawira mbali imodzi.

Tisamukungitse kwambiri. Injini ikatentha amalimba yekha, ndipo akakungika mopyola amawononga maberingi. Lamba wopendekeka amadyeka m'mphepete n'kudukira pamsewu, mwina titanyamula mwana kumbuyo. Tiyeni tizimuyang'ana njinga isanachoke pakhomo.